Musanabzale blackberry pakhomo, yambani mwafunsa

Sabata ino tipumuleko pa nkhani za apongozi ndi za mafoni obisirana, tizungulire kuseri kwa nyumba komwe kuli kadimba.

Ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Iye ndi mwamuna wake angolowa kumene m'nyumba yawoyawo atatopa ndi lendi. Ali ndi mwana wa zaka ziwiri ndipo mayiyu ndi woyembekezera. Bambo a m'nyumbamo akufuna kubzala blackberry kutsatira mpanda wonse. Ati adaona zithunzi pa Facebook, zipatso zili bii, zonenepa, mpaka munthu kumeza malovu. Mlamu wawo amene ali ku Johannesburg walonjeza kudzawatengera mbande akamabwera pa Khirisimasi. Mayi akuopa minga kaamba ka mwana, bambo akuti mayi akungoletsa chitukuko, ndipo nkhaniyi yafika poti nsima ikudyedwa mwakachetechete. Funso lawo ndi lakuti: kodi ulipo mtundu wa blackberry woyenera pakhomo pomwe pali ana ang'onoang'ono?

Ulipo, mwana wanga. Koma nonse awiri mwalumpha funso loyamba. Bambo ayambira pa chithunzi, inu mayi mwayambira pa minga, pamene choyamba kufunsa n'chakuti: kodi mtundu umenewo ungabereke kwanuko? Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chija adajambula kudziko lina, nyengo yakenso ina.

Timvane kaye za chipatso chomwe tikunena, chifukwa ambirife timasokoneza blackberry ndi mabulosi. Ukaziika m'mbale zimafanana, koma zomera zake n'zosiyana kutalitali. Mabulosi ndi mtengo, uja ana amakwera n'kutsikamo milomo ndi malaya zili zothimbirira. Blackberry si mtengo ayi. Ndi chitsamba chotulutsa mphukira zazitali zokonda kuwerama, ndipo ndi pachibale ndi duwa la rozi. Minga ija ndi ya kumtundu. Amene mudakwerako phiri la Zomba mudaona anyamata akugulitsa sitiroberi, jamu ndi tizipatso tina tachikasu m'mbali mwa msewu. Tachikasuto ndi msuwani wa blackberry. Kwawo ndi kumapiri a Himalaya ku Asia, koma titafika kuno tidafalikira m'phirimo mpaka kusanduka mutu waukulu kwa osamalira nkhalango. Zimenezi muzisunge, tibwererakonso.

Tsono nkhani ya nyengo. Blackberry ambiri kwawo ndi kumaiko ozizira. Chisanu chikafika amayoyola masamba n'kugona, ndipo kuti adzuke ndi maluwa ambiri amayenera kukhala atazizidwa mokwanira. Akatswiri amachita kuwerenga maola amene mbewuyo yakhala pa kuzizira kosapitirira madigiri 7. Mitundu ina imafuna maola 800 kapena kuposa apo, ina imakhutira ndi 200 kapena 300 okha. Ikapanda kulandira mlingo wake siifa ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Imakula bwinobwino, masamba ali biriwiri, inu n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, bilu ya madzi ikukwera, koma maluwa apa ndi apo, zipatso zosadzadza ndi chikhatho chomwe.

Tikamati ku Dedza n'kozizira sitinama, mu June ndi July munthu umagona ndi mabulangete awiri. Koma kuzizira kwa ku Dedza, kwa Tsangano, pa phiri la Zomba kapena ku Chikangawa sikungafanane ndi kwa ku Scotland. Kwathu kuno kumazizira usiku ndi mbandakucha, dzuwa likangokwera kwatha. Choncho mitundu yotchuka monga Loch Ness, umene adaupanga ku Scotland, kapena Chester ndi Navaho ya ku America, njabwino ndithu komanso njopanda minga, koma imafuna chisanu chokhalitsa. Achibale anu a ku Britain akakuuzani kuti Loch Ness amabereka mpaka nthambi kufuna kuthyoka, sakunama. Kungoti akunena za kumeneko.

Mitundu yomwe ili ndi mwayi kuno ndi ija idapangidwira maiko ofunda. Wina ndi Tupy, amene bungwe lofufuza zaulimi la Embrapa ku Brazil lidatulutsa mu 1988. Ameneyu safuna kuzizira kwambiri, ndipo ndi amene adatukula ulimi wa blackberry m'chigawo cha Michoacán ku Mexico mpaka dzikolo kumagulitsa zipatsozi kunja. Wina ndi Brazos wa ku Texas, wa mu 1959, wakalekale koma wopirira kutentha. Vuto lake? Onse awiriwa ali ndi minga, minga yeniyeni yokowa ngati mbedza.

Mwaona tsono pomwe pagona nkhani. Yopanda minga yambiri imafuna chisanu, yopirira kufunda yambiri ili ndi minga. Pakatikati pali mitundu ya ku yunivesite ya Arkansas ku America, komwe katswiri wina dzina lake John Clark adagwira ntchitoyi zaka zambiri. Ouachita wa mu 2003 ndi Natchez wa mu 2007 alibe minga ndipo safuna chisanu chochuluka ngati Navaho. Palinso Prime-Ark Freedom wa mu 2013. Banja la ku Dedza ndi ena a kumapiri, ameneyu ndiye muyambe mwafunsa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Blackberry ali ndi khalidwe lomwe ambiri salidziwa. Mizu yake imakhala zaka khumi kapena kuposa, koma mphukira iliyonse imakhala zaka ziwiri zokha. Chaka choyamba imangokula, masamba okhaokha. Chaka chachiwiri ndi pomwe imachita maluwa n'kubereka, ikatero imauma, inu n'kuidula pansi penipeni kuti zatsopano zipeze malo. Choncho mukabzala chaka chino musayembekezere kudya chaka chomwechino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu abambo okonda chikwanje tamverani: mukasadza chitsamba chonse pofuna kuti pakhomo paoneke bwino, mwadula zokolola za chaka chamawa.

Mu 2004 a ku Arkansas aja adatulutsa mitundu yoyamba yobereka pa mphukira za chaka chomwecho, ndipo Prime-Ark Freedom ndi woyamba wa gulu limenelo kukhala wopanda minga. Popeza mphukira yatsopano imabereka isanaone chisanu, nkhani ya maola ija siikhala yovuta kwenikweni. Chomwe mtundu umenewu sugwirizana nacho ndi kutentha kodutsa madigiri 30 pa nthawi ya maluwa. Zipatso zimachepa, zina n'kutuluka zopunduka. N'chifukwa chake ndikunena za kumapiri, osati ku Nsanje, ku Salima, ku Mangochi kapena ku Karonga.

Tsopano za minga, ndipo apa mundilole ndiyankhule ngati namwino. Mayi, mwachita bwino kuda nkhawa. Pa zaka zanga m'chipatala ndidatsuka mabala ambiri a ana omwe adayamba ngati kanthu kachabechabe, kamunga kothyokera m'phazi, makolo n'kumati katuluka kokha, mapeto ake phazi kutupa n'kuchita mafinya. Mwana wa zaka ziwiri sayenda, amathamanga, ndipo nkhope yake ili pa msinkhu weniweni wa nthambi zowerama zija. Munga wa m'diso si nkhani yamasewera. Chinanso, tizirombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, manyowa omwewo mwathira m'dimba, ndipo timakonda bala laling'ono koma lolowa m'kati. Kaya mubzala wa minga kaya wopanda, onetsetsani kuti mwana sadaphonye katemera wake kusikelo, inunso mayi woyembekezera mulandire wanu wa kafumbata. Mwana akalasidwa chotsani munga wonse, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo. Osapakapo dothi, ndowe kapena phulusa. Pakatupa, pakafiira, kapena mwana akatentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo.

Kunena mosapsatira, pakhomo pa ana osakwana zaka zisanu ine ndimati wopanda minga basi. Wa minga ndi wa anthu omwe ali ndi dimba lotchinga bwino, la chitseko, kutali ndi posewerera ana, komanso okonzeka kuvala magolovesi pokolola. Ndamvapo abambo ena akuti minga njabwino chifukwa itchinga akuba. Abale inu, wakuba amabwera mwina kamodzi pachaka atavala nsapato, mwana wanu amadutsa pamenepo kakhumi patsiku kumapazi kulibe kanthu. Komanso chitsamba chowirira chomwe munthu amaopa kulowamo kuti akonze chimasanduka nyumba ya makoswe, ndipo komwe kuli makoswe njoka siichedwa.

Chenjerani ndi ichi: mitundu ina yakale, monga Oregon Thornless, njopanda minga pakhungu pokha. Mukavulaza mizu yake ndi khasu, mphukira zotuluka kumizuko zimabwera ndi minga ngati makolo ake. Mukaona yotero izuleni msanga.

Funsaninso ngati mtunduwo uli woimirira kapena woyanga. Woyanga umafuna mapolo ndi mawaya ngati magalagadeya, ndi mpata wa mamita awiri kapena atatu pakati pa phando ndi phando. Woimirira umakwana pa mita imodzi ndi theka, ngakhale nawonso umathokoza ukaupatsa waya wotsamira. Pa puloti ya m'tauni woimirira ndiye wanzeru.

Nanga za mlamu wa ku Johannesburg? Mumuthokoze, koma mumuuze kuti asabise mbande m'chikwama. Kulowetsa mbewu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha unduna wa zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti mbewuzo zilibe matenda. Si kuvutitsa anthu ayi. Alimi a nthochi a ku Thyolo ndi Mulanje angakuuzeni momwe matenda a chisaka adathera minda yawo, matenda oyenda ndi nsabwe komanso ndi mbande zomwe anthu amapatsana mwachikondi. Mbande yooneka yathanzi itha kunyamula matenda osaoneka ndi maso. Njere za m'mapepala okongola za pa intaneti nazonso zisakukopeni. Blackberry wa njere amavuta kumera, ndipo akamera satengera kholo lake ndendende, mutha kulera chaka chathunthu chinthu chomwe simudaitanitse.

Njira yabwino koposa njapafupi. Pezani munthu wa kudera kwanu komweko amene chitsamba chake mwachiona ndi maso anu chikubereka. Lawani chipatsocho, gwirani nthambi zake, funsani kuti chidabereka patatha nthawi yaitali bwanji. Safunsa adadya phula. Akakulolani, weramitsani nsonga ya mphukira n'kuikwirira m'dothi lonyowa. Pakatha masabata angapo imagwira mizu, mukadula, mbande yanu ndi imeneyo, ndipo idzafanana ndi make m'zonse. Mukapita ku nazale funsani dzina la mtundu. Wogulitsa akangoti "ndi blackberry basi, bwana", bwezani ndalama m'thumba. Alangizi a zaulimi a kwanu alipo kaamba ka mafunso ngati amenewa, ndipo ku Bvumbwe m'boma la Thyolo kuli malo a boma ofufuzira za zipatso ndi ndiwo zamasamba. Ndipo chonde, yambani ndi mbande ziwiri kapena zitatu, osati mpanda wonse. Zikakondwa ndi malo anu zidzakupatsani zokha mbande zina zaulere.

Pobzala sankhani pomwe pamaomba dzuwa maola osachepera 6, dothi losadikha madzi, manyowa owolerana bwino, ndipo phimbirani ndi udzu kuti chinyezi chisathawe mu September ndi October. Musabzale pomwe munali tomato, kachewere, mabiringanya kapena tsabola zaka zapitazi, chifukwa pali matenda ofotetsa omwe amatsalira m'dothi n'kugwiranso blackberry. A ku Dedza, kwanu n'kwa kachewere, mfundo iyi njanu.

Ndidati tibwerera ku tizipatso tachikasu ta ku Zomba tija. Banja lonse la zomera zimenezi silidziwa malire. Nsonga ikakhudza dothi imamera, mizu imadutsa pansi pa mpanda n'kukatulukira kwa aneba, mbalame nazo zimamwaza njere. Ku South Africa mtundu wina wochokera ku America udalowerera m'malo odyetsera ziweto ku KwaZulu-Natal mpaka boma kuuika m'gulu la zomera zoyenera kuthana nazo. Ku Australia ndi New Zealand alimi amawononga ndalama zambiri polimbana ndi blackberry wolowerera. Ndiye ngati mukudziwa kuti ndinu aja obzala n'kuiwala, lekani. Zodula musataye kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje, ziumitseni n'kuzitentha. Inu a m'nyumba za lendi, bzalani m'theka la mgolo loboola pansi. Simudzakangana ndi alandilodi, ndipo tsiku losamuka mudzakweza pa galimoto limodzi ndi mipando.

Tsono inu a kumalo otentha musaone ngati mwamanidwa. Ine monga namwino chomwe ndikufuna n'choti mwana adye chipatso tsiku lililonse, dzina lake lisakuvuteni. Kusikelo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu lomwe limasowa kawirikawiri m'mbale zathu ndi la zipatso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku. Tikatenga magalamu 100, blackberry ali ndi mamiligalamu pafupifupi 21 a vitamini C, mabulosi pafupifupi 36, papaya pafupifupi 60, pamene gwafa, uja timamuponda m'njira, amaposa 200. Vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, nkhani yaikulu kwa amayi oyembekezera ndi ana ochepa magazi. Pomwe blackberry amachita bwino ndi pa kufewetsa m'mimba, amathandiza odzimbidwa. Koma kuti chipatso n'chachilendo sindiye kuti chaposa zakwathu.

Mabulosi safuna chilolezo, safuna chisanu, alibe munga. Mumangodula kanthambi n'kuzika nthawi ya mvula. Amapsa cha mu September ndi October, mango asanachuluke, nthawi yomwe ana amasowa chotola. Masamba ake mbuzi ndi akalulu amadya. Kungoti mubzale kutali ndi maziko a nyumba, mapaipi ndi chimbudzi chifukwa mizu yake imayenda, komanso kutali ndi chingwe choyanikapo zovala, apo ayi mbalame zidzakulemberani pa malaya oyera a bambo. Muziudulira kuti usatalike. Nyengo ya zipatso tinkalandira ana ambiri othyoka mikono atagwa mumtengo, ndiye mtengo womwe mwana amathyola ataimirira pansi ndi wabwino kuposa wokwera.

Kwa inu bambo, maganizo anu obzala zipatso pakhomo ndi abwino zedi, ambiri amangothira simenti bwalo lonse. Koma amene akuswera ndi mwana pakhomopo ndi mayi, ndipo akanena za minga sakuletsa chitukuko, akuona zomwe inu simuona muli kuntchito. Inunso mayi musangoti ayi n'kutembenukira kukhoma. Nenani kuti uwu ayi, koma tiyeni tifunefune wakutiwakuti. Pitani limodzi kukaona dimba la mnzanu, mugwirizanenso kuti adzathirire ndani mwana wachiwiri akabadwa.

Zikayamba kupsa, dziwani kuti blackberry wofiira ndi wosapsa, ndipo ukamuthyola sapitiriza kupsa ngati nthochi kapena papaya. Dikirani ade bii, kunyezimira kuchepe, azichoka mosavuta mukangomukhudza. Thyolani m'mawa ndipo mudye tsiku lomwelo kapena mawa lake, sachedwa kuchita nkhungu. Tsukani ndi madzi otetezedwa pomwe mukufuna kudya, kaya n'zam'dimba mwanu kaya zogula panjira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tisamaiwale msanga. Mabulosi osapsa musalole ana adye ambiri, amapweteketsa m'mimba.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi bere lokha basi. Likapyola pamenepo mutha kukanya zipatso ziwiri zitatu n'kusakaniza m'phala, osathira shuga, ndipo musampatse chathunthu kuopa kutsamwa. Mawa lake mukaona m'thewera muli chimbudzi chakuda kapena chofiirira, ndi tinjere tating'onoting'ono, musathamangire kwa asing'anga, ndi zipatso zomwezo. Koma chikakhala chakuda ngati phula la mumsewu, chomata ndi chonunkha modabwitsa, kapena mukaona magazi enieni, kapena mwana ali wofooka ndipo akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Mutengereni kuchipatala, ndipo mukawauze anamwino zomwe wadya.